Shuga wa mayi woyembekezera ndi mano a mwana: mafunso ndi mayankho

Mayi woyembekezera akauzidwa ku sikelo kuti shuga wake wakwera, maganizo amathamangira ku tsiku lochira. Kodi mwana sakula mopitirira? Kodi sindidzachitidwa opaleshoni? Za mano a mwanayo ndi ochepa amene amaziganizira, ndipo n'zomveka poti khanda limabadwa ndi nkhama zokhazokha. Komatu mkati mwa nkhamazo mano amakhala atapangika kale, ndipo zonse zimene anapangidwira zinachokera m'magazi a mayi.

Kodi mano a mwana amayamba liti kupangika?

Amayamba mimba isanaoneke n'komwe. Pofika sabata la 6, mwana akadali kachinthu kakang'ono kwambiri, m'nsagwada zake mumayamba kuoneka malo amene padzakhale mano 20 oyamba. Pakati pa sabata la 14 ndi la 19 manowo amayamba kulimba, kuyambira akutsogolo mpaka otafunira akumapeto. Pa tsiku lobadwa, mitu ya mano akutsogolo imakhala itatsala pang'ono kutha, pamene otafunira amakhala ali pakatikati, ndipo amamalizika mwana akuyandikira chaka chimodzi.

Kunja kwa dzino kuli chikuto choyera chimene madokotala amati enamel. Palibe chinthu china cholimba kuposa ichi m'thupi lonse, ndipo pafupifupi magawo 96 pa 100 a chikutochi ndi mchere wa m'thupi, makamaka kashiamu ndi fosifeti. Chimapangidwa ndi maselo apadera amene amagwira ntchito dzino likadali mkati mwa nkhama, ndipo dzino likangotulukira kunja maselowo amatha. Fupa likathyoka limalumikizana, khungu likang'ambika limapola, koma chikuto cha dzino sichimeranso. Chimene chinalakwika pa nthawi yopangika chimakhala choncho mpaka dzino lidzaguluke.

Shuga wa pakati ndi wosiyana bwanji ndi matenda a shuga amene timawadziwa?

Pali amayi amene amatenga pakati ali kale ndi matenda a shuga, ena akudziwa, ena asakudziwa. Palinso amene anali bwinobwino koma shuga wabwera chifukwa cha pakatipo. Nsengwa imatulutsa mahomoni amene amachititsa kuti thupi lisamvere bwino insulini, yomwe ndi imene imalowetsa shuga m'maselo. Kwa amayi ambiri kapamba amangowonjezera insulini ndipo zinthu zimayenda. Kwa ena kapamba amalephera kukwaniritsa, shuga n'kuyamba kuchuluka m'magazi, kawirikawiri kuyambira mwezi wachisanu kapena wachisanu ndi chimodzi. Bungwe la International Diabetes Federation linawerengera mu 2021 kuti pa ana 6 alionse obadwa pa dziko lapansi, mmodzi amabadwa kwa mayi amene shuga wake anali wokwera, ndipo ambiri mwa amayiwa shuga anawabwerera ndi pakati. Vutoli silisankha wa m'tauni kapena wa kumudzi, ndipo si chilango cha kukonda tiyi wotsekemera monga ena amanenera.

Nanga shuga wa m'magazi a mayi amafika bwanji pa dzino la mwana?

Shuga amadutsa pa nsengwa mosavuta, koma insulini ya mayi sidutsa. Choncho shuga wa mayi akakwera, wa mwana amakweranso, ndipo kapamba wa mwanayo amayamba kutulutsa insulini yambiri kuti athane naye. Dokotala wa ku Denmark, Jørgen Pedersen, ndiye anafotokoza zimenezi mu 1952, ndipo mpaka lero ndi mmene madokotala amamvetsera chifukwa chake ana oterewa amabadwa onenepa kwambiri. Thupi lodzala shuga ndi insulini limafuna mpweya wochuluka, mwina kuposa umene nsengwa ingapereke. Maselo opanga chikuto cha dzino ndi osachedwa kusokonezeka. Mpweya ukachepa kapena shuga akachuluka, amachepetsa ntchito, ena amafa.

Taonani mmene nthawi zikugwirizanira. Shuga wa pakati amakwera m'miyezi yomalizira, ndipo m'miyezi yomweyo ndi mmene mano oyamba amakhala akulimba.

Kenako pamabwera tsiku lobadwa. Mchombo ukadulidwa, shuga wochokera kwa mayi amaima mwadzidzidzi pamene insulini ya mwana ikadali yambiri, ndiye shuga wa khandalo angatsike kwambiri m'maola oyambirira. Kashiamu wa m'magazi angatsikenso pakati pa tsiku loyamba ndi lachitatu. Onjezeranipo kuti ana a amayi a shuga amabadwa masiku asanakwane kawirikawiri kuposa anzawo, ndiponso kuti mwana wamkulu amavuta pobadwa moti angabanike. Zambiri mwa izi zimadziwika kuti zimasokoneza chikuto cha mano.

Mano okhudzidwa amaoneka bwanji?

Pali mitundu iwiri. Pa mtundu woyamba chikuto chimakhala choperewera: dzino limatuluka lili ndi timaenje, mzere wolowa mkati, kapena malo amene chikuto mulibiretu. Pa mtundu wachiwiri chikuto chimakhala chokwanira koma chosalimba. Zili ngati njerwa yosapsa bwino mu uvuni, imene imaoneka yathunthu koma mvula ikaigwera imayamba kufumbutuka. Dzino lotere limakhala ndi madontho oyera ngati choko, achikasu kapena ofiirira, limanyenyeka mwana akayamba kutafuna zolimba, ndipo limachita dzanzi kapena kupweteka akamwa zozizira. Mwana amene amakana mswachi ndi kulira, nthawi zina si mwano, ndi ululu. Chizindikiro chothandiza n'chakuti chilemacho chimaoneka dzino likangotuluka, ndipo kawirikawiri chimakhala pa mano ofanana a kumanja ndi kumanzere, poti anapangika pa nthawi imodzi.

Kodi zimenezi zinafufuzidwa, kapena ndi zongoganizira?

Zinafufuzidwa, ndipo anayamba kalekale. Ku Sweden, Grahnén ndi Edlund anasindikiza mu 1967 zimene anaona m'kamwa mwa ana a amayi a shuga, ndipo anapeza mano ambiri a chikuto choperewera kusiyana ndi ana ena. Mu 1984 wofufuza winanso wa komweko, Jörgen Norén, anayang'ana pa maikulosikopu mano oguluka a ana oterewa. Pa dzino lililonse loyamba pamakhala kamzere kosaoneka ndi maso kamene kamalembeka pa masiku obadwa, pamene maselo amaima kaye ntchito chifukwa cha kusintha kwadzidzidzi. Norén anapeza kuti mwa ana a amayi a shuga kamzereka kamakhala kotambalala, kusonyeza kuti masiku oyambirirawo anali ovuta kwa maselowo.

Ena anayesera pa makoswe. Ku Brazil mu 2003, ndi ku China mu 2017, ofufuza anachititsa makoswe aakazi kudwala shuga, ndipo ana awo anabadwa ndi mano osokonezeka. A ku China anaona kuti maselo opanga dzino ankachulukana pang'onopang'ono ndipo ambiri ankafa. Mu 2022 ofufuza a ku Brazil anasonkhanitsa kafukufuku wosiyanasiyana wa anthu, n'kupeza kuti zilema za chikuto zimapezeka kwambiri mwa ana a amayi amene anali ndi shuga wa pakati. Chofunika kuchidziwa n'chakuti makoswe aja anali ndi shuga wokwera zedi wosathandizidwa ndi mankhwala, ndipo kafukufuku wambiri wa anthu anachitika pa magulu ang'onoang'ono. Kugwirizana kwa shuga ndi mano kulipo ndithu, koma kukula kwake kumadalira kuti shuga anakwera motani komanso kwa nthawi yaitali bwanji.

Ndiye kuti mwana wanga adzakhala ndi mano oipa basi?

Ayi. Ana ambiri a amayi amene anali ndi shuga wa pakati amamera mano abwinobwino, makamaka ngati shugayo anadziwika ndi kusamalidwa. Ndiponso chilema cha chikuto chimapezeka mwa ana ambiri amene amayi awo sanadwalepo shuga, chifukwa cha kubadwa masiku osakwana, kunyentchera, kutentha thupi kwambiri ali akhanda kapena mtundu wa makolo. Palibe amene angayang'ane dontho pa dzino la mwana n'kuweruza kuti mayi wake ndiye analakwa. Agogo, apongozi ndi abambo a mwana asamuloze chala mayi amene anavutika kale ndi pakati povuta.

Mano oyamba amaguluka ndithu. Bwanji kuvutika nawo?

Funso limeneli ndi limene lawonongetsa mano a ana ambiri. Dzino la chikuto chofooka limabooka msanga, ndipo dzino lobooka limapweteka mofanana kwa mwana wa zaka zitatu ndi kwa munthu wamkulu. Mwana amalephera kutafuna, amagona movutika, amaonda. Mafinya a pansi pa dzino loyamba angathe kuwononga dzino lokhalitsa limene likupangika pamenepo. Mano oyamba amasungiranso malo anzawo obwera pambuyo, ndipo otafunira ena amayenera kukhala m'kamwa mpaka zaka 10 kapena 12. Akazulidwa msanga, okhalitsa amamera mopanikizana.

Koma pali china chimene makolo ambiri sachidziwa. Mwana akafika zaka 6, kumapeto kwenikweni kwa nsagwada kumamera mano anayi akuluakulu otafunira, popanda lina kuguluka. Poti palibe laguluka, anthu amawayesa oyamba. Amenewa ndi okhalitsa, ndipo amayamba kulimba pa nthawi yobadwa. Choncho mavuto a masabata omaliza a pakati ndi a masiku oyamba a khanda angaonekere pa mano amene munthu amayenera kutafunira mpaka ukalamba. Kufooka kwa mano anayi amenewa, nthawi zina pamodzi ndi akutsogolo, madokotala anakupatsa dzina lake mu 2001, loti MIH mwachidule, ndipo kumapezeka mwa mwana woposa mmodzi pa ana 10 alionse pa dziko lapansi. Zoyambitsa zake ndi zingapo, ndipo shuga wa pakati ndi chimodzi mwa zimene ofufuza azipeza zikuyendera limodzi nako.

Nanga ine amene ndinali ndi shuga ndisanatenge pakati?

Kwa inu nkhani imayamba msanga, ndipo ndi yaikulu kuposa mano. Ziwalo za mwana zimapangika m'masabata 8 mpaka 10 oyambirira, nthawi imene amayi ambiri amakhala asanatsimikize n'komwe kuti aima. Shuga akakhala wokwera pa nthawi imeneyo, mwayi wa zilema za mtima, za msana ndi ubongo umakula, komanso wa kubadwa ndi mlomo wong'ambika kapena kumwamba kwa m'kamwa kosatsekeka. Mwana wa mlomo wong'ambika kawirikawiri amakhalanso ndi mano osowa, owonjezera kapena okhota pafupi ndi mpatawo. Chitetezo chake ndi kukonzekera pakati: kaonaneni ndi a chipatala musanasiye kulera, muyezetse magazi otchedwa HbA1c amene amasonyeza mmene shuga wakhalira m'miyezi iwiri kapena itatu yapita, muyambe mapiritsi a folic acid, ndipo aunikenso mankhwala anu onse poti ena a kuthamanga kwa magazi sayenera mayi woyembekezera.

Ndingadziwe bwanji kuti ndili ndi shuga wa pakati?

Simungadziwe ndi mmene mukumvera m'thupi. Ludzu, kukodza pafupipafupi ndi kutopa zimachitikira pafupifupi mayi aliyense woyembekezera, ndipo ambiri a shuga samva chilichonse. Kuyeza mkodzo kumaphonya ambiri. Njira yodalirika ndi ya magazi, pakati pa sabata la 24 ndi la 28: mumapita m'mawa musanadye, amakutengani magazi, mumamwa madzi osungunuliramo magalamu 75 a shuga, kenako amayezanso pakatha ola limodzi ndi maola awiri. Malinga ndi muyezo umene bungwe la World Health Organization linaika mu 2013, shuga wa musanadye akafika 5.1 mmol/L, yomwe ndi 92 mg/dL pa timakina tina, kapena akafika 10.0 pa ola limodzi, kapena 8.5 pa maola awiri, ndiye kuti shuga wa pakati alipo.

Si chipatala chaching'ono chilichonse chimene chimayeza motere, choncho funsani nokha, ndipo ngati n'kofunika pemphani kuti akutumizeni kumene amayeza. Chitani khama makamaka ngati ndinu onenepa, ngati kwanu kuli odwala shuga, ngati zaka zanu zapitirira 35, ngati munapitapo padera pakati patakula, kapena ngati munabereka mwana wopitirira makilogalamu 4. Kwathu kuno khanda lonenepa timalilulutira kuti ndi la thanzi, koma nthawi zina kunenepako ndi uthenga wa shuga wa mayi amene sanayezedwe.

Kodi jakisoni wa insulini kapena mapiritsi sangawononge mano a mwana?

Insulini sidutsa pa nsengwa, ndiye sifika kwa mwana. Mapiritsi a metformin amadutsa, koma agwiritsidwa ntchito kwa amayi oyembekezera kwa zaka zambiri ndipo sanapezeke akuyambitsa zilema. Chimene chimafika kwa mwana ndi kumupweteka ndi shuga wosathandizidwa. Mayi amene wasiya jakisoni poopa kuvulaza mwana wamusiya mwanayo m'mavuto omwe amawaopawo. Mankhwala amene amadziwika bwino kuti amadetsa mano a mwana ali m'mimba ndi tetracycline ndi ena a gulu lake, akamwedwa kuyambira mwezi wachinayi. Ichi ndi chifukwa chokwanira chosagulira makapusozi pa msika kapena pa okala muli ndi pakati.

Ndidye chiyani? Ena amati mwana amayamwa kashiamu wa m'mano a mayi ake.

Mwana satenga kashiamu m'mano a mayi. Amatenga m'chakudya chimene mayi wadya, ndipo chikaperewera thupi limatapa m'mafupa. Mano a amayi amawonongeka pa nthawi ya pakati chifukwa cha kusanza kumene kumabweretsa asidi m'kamwa, kudya zotsekemera pafupipafupi ndi kutupa kwa nkhama.

Pa nkhani ya chakudya, palibe chifukwa chodzimana mpaka kumva chizungulire. Chepetsani mitanda ya nsima, ndipo mgaiwa ndi wabwino kuposa ufa woyera, ngakhale nawonso ukachuluka umakweza shuga. Mbale idzaze ndi ndiwo zamasamba monga bonongwe, chisoso ndi nkhwani, pamodzi ndi nyemba, mazira kapena nsomba. Usipa, matemba ndi bonya timadya ndi minga yomwe, ndipo mingayo ndi kashiamu weniweni wotsika mtengo. Idyani pang'onopang'ono kangapo pa tsiku m'malo modya kwambiri kawiri. Zakumwa za m'mabotolo, thobwa lothira shuga ndi mandasi zidikire kaye, ndipo uchi musauyese mankhwala chifukwa nawo ndi shuga. Kuyenda kwa mphindi 20 kapena 30 mukatha kudya kumatsitsa shuga mooneka. Kwa amayi ambiri zimenezi zokha zimakwanira popanda mankhwala.

Kodi mayi woyembekezera angapite kwa dokotala wa mano?

Inde, ndipo wa shuga ayenera kupita. Matenda a nkhama ndi shuga amakolezerana: shuga wokwera amawolesa nkhama, ndipo nkhama zodwala zimachititsa kuti shuga avute kutsika. Kutsukitsa mano, kumata dzino lobooka ngakhale kuzula, pamodzi ndi jakisoni wochititsa dzanzi, zonse n'zotheka pa nthawi ya pakati, ndipo miyezi yapakati ndi imene mayi amakhala momasuka pa mpando. Auzeni kuti ndinu oyembekezera komanso kuti muli ndi shuga. Mano a mayi akakhala osamalidwa, tizilombo tobowola mano timene angapatsire khanda lake kudzera m'malovu timachepanso.

Kodi madontho alionse pa mano a mwana ndi chifukwa cha shuga wa mayi?

Ayi. M'madera ena a Malawi, monga ku Nathenje m'boma la Lilongwe, madzi a pa mijigo ina ali ndi fuloraidi wochuluka, ndipo ana okulira kumeneko amakhala ndi mano a mawangamawanga oyera kapena ofiirira. Vuto limenelo limagwira mano ambiri nthawi imodzi, makamaka okhalitsa, ndipo mumaliona pa ana ambiri a mudzi womwewo. Palinso mzere woyera umene umabwera m'munsi mwa dzino, pafupi ndi nkhama, pa dzino limene linatuluka labwinobwino. Umenewo ndi kuyamba kwa kubooka, ndipo ukagwidwa msanga umatheka kuimitsidwa. Wosiyanitsa bwino zonsezi ndi wa chipatala cha mano.

Mwana wabadwa kale. Ndichite chiyani tsopano?

Zambiri zikadali m'manja mwanu, chifukwa ngakhale chikuto chofooka sichibooka chokha. Chimabooka pakakhala shuga m'kamwa ndi tizilombo tomusandutsa asidi. Muyamwitseni m'ola loyamba akangobadwa ndi pafupipafupi pambuyo pake, zomwe zimatetezanso kuti shuga wake asatsike, ndipo mupitirize bere lokha kwa miyezi 6. Dzino loyamba likangotuluka yambani kumutsuka kawiri pa tsiku ndi kamswachi kofewa, makamaka usiku asanagone, ndi mankhwala otsukira mano okhala ndi fuloraidi ochepa ngati kambewu ka mpunga. Akakwana zaka zitatu muonjezere afike ngati nsawawa yaing'ono. Musathire shuga m'phala lake, musamugoneke ndi botolo la tiyi kapena juwisi, ndipo maswiti ndi mabisiketi asakhale chomutonthozera.

Kamodzi pa mwezi mukwezeni mlomo wam'mwamba pamalo owala muone mano ake. Mukaona dontho, kaenje kapena kunyenyeka, musadikire kuti lipweteke. Ku chipatala cha mano angalipake fuloraidi wolimbitsa, kulimata kapena kutseka timipata ta mano otafunira, ndipo thandizo limeneli limagwira bwino dzino lisanabooke. Ndi bwino kuti mwana aonedwe koyamba asanapitirire chaka chimodzi, ndi kuonedwanso pa zaka 6 pamene mano anayi aja akutuluka. Muwauze a chipatala cha manowo kuti munali ndi shuga pa nthawi ya pakati pake.

Inunso mayi musadziiwale. Shuga wa pakati kawirikawiri amatsika mwana akabadwa, koma amakonda kubwereranso pa mimba yotsatira, ndipo amayi amene anakhala naye amadwala matenda a shuga okhalitsa kuwirikiza kangapo kuposa anzawo. Kayezetseni magazi pakatha masabata 6 mpaka 12 mutachira, muziyezetsanso chaka ndi chaka, ndipo mukadzaimanso mukayambe sikelo miyezi itatu isanathe.